Amene anagoneka muvi wa pikapu ya achimwene

Lachiwiri lapitali ndinakhala pa tayala lakutha, pansi pa mtengo wa mango pa boma, kuyambira m'mawa mpaka mthunzi kundithawa, ndikuonerera munthu akufufuza matenda a galimoto. Ndikanadziwa ndikanatsala kunyumba. Mpunga umene ndinkapita nawo kuchigayo ndikanausinja pamtondo ngati kale, mtima wanga bwenzi uli m'malo.

Galimotoyo ndi ya achimwene anga, a Jafali. Ndi pikapu yakale, ija yokoka ndi mawilo onse anayi, imene dzinja likafika imadutsa m'matope a kwathu ku Benga kuno zinzake zitatitimira. Anaigula atapuma ntchito ya ukapitawo ku minda ya nzimbe. Koma galimoto itangofika pakhomo, maso awo anayamba kuchita ng'ala. Kuyendetsa kunakanika. Ndiye ine ndinapita kukagwada kuti chiwongolero apatse mwana wanga Yusufu, bambo wa ana anayi, amene anali atatha chaka chathunthu akungozungulira m'mudzi. Achimwene sanavute. Anati, "Achemwali, mwana wa mlongo wanga ndi wanga. Atenge makiyi."

Msewu sauona, koma chinthu akachiyandikira amachiona. Tsiku lililonse galimoto ikabwera, ankavala magalasi awo okhuthala aja, kugunditsa mphuno pa wotchi ya liwiro, n'kuwerenga timanambala timene timagudubuzika galimoto ikamayenda. Potero ankadziwa ngati yangofika pa boma n'kubwerera, kapena yapitirira. Ine kusukulu sindinapondeko, timanambalato kwa ine ndi nyerere chabe. Koma muvi wa wotchiyo, wogona ndi wodzuka, ndimausiyanitsa.

Miyezi iwiri yapitayo muviwo unagona, timanambala n'kuima. Yusufu anati, "Amalume, wotchi yafa. Galimoto yakalamba iyi, zinthu zizifa chimodzichimodzi." Achimwene anangogwedeza mutu. Ndani amakonza chinthu chimene sichikuletsa galimoto kuyenda? Zikanakhala choncho mpaka lero, koma wapolisi wa pamsewu anasuzumira m'galimotomo nati mapepala sadzatuluka muvi uli chigonere. Achimwene ndi munthu woopa mapepala. Analamula kuti Lachiwiri tonse tipite kwa makaniko.

Makaniko wake ndi a Mhone, bambo wa imvi wochokera ku Dwambazi, amene amatchula mwamuna aliyense kuti ada, mkazi aliyense ama. Sathamanga pogwira ntchito. Tisanatsike n'komwe Yusufu anali atayamba kale kuwaphunzitsa: "Madala, musataye nthawi, wotchiyi inapsa. Tingoimata kenakake kuti apolisi asaone, tizipita."

A Mhone anamuyang'ana. "Ada, mwabwera ndi wodwala kapena mwabwera ndi maliro? Ngati ndi maliro, manda si kuno."

Anayambira kumutu. Analowetsa dzanja kuseri kwa wotchi ija n'kuzula chingwe chakuda chonenepa ngati chala. Anandionetsa, poti ndinali nditasendera pafupi: mkati mwake muli kawaya kamene kamazungulira, ndipo kakazungulira muvi umadzuka. Kenaka anatenga msomali wosula nsonga, kuulowetsa pamene panali chingwe, n'kuupekesa m'manja ngati munthu wopekesa moto. Muvi uja unadumpha.

"Wotchi ili moyo," anatero. "Yamva njala chabe, palibe chikuifikira."

Yusufu anati, "Ndiye kuti waya anaduka mkati. Amenewo sapezeka kuno, mpaka ku Lilongwe."

A Mhone anabwerera pa chingwe chija. Anagwira kawaya kaja n'kukakoka pang'ono. Akuti kakaduka kamasololoka ngati nyongolotsi, kakafupi. Aka kanali kathunthu. Anauza Yusufu ndi anthu ena awiri kuti akankhe galimoto pang'ono, iwo maso ali pa nsonga ya kawayako. Mawilo anagudubuzika, kawaya osagwedezeka.

"Mutu uli bwino, msana uli bwino. Matenda ali kumchira."

Anayala thumba pansi n'kukwawira kunsi kwa galimoto, kumene chingwecho chimakalowa m'kagiyabokosi kakang'ono kogawira mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Anati kawirikawiri m'menemo mumakhala kagiya kapulasitiki kamene mano ake amatha, makamaka kuno kumchenga. Tinadikira kuti atuluke nako kagiya kopanda mano. Anakhalitsa. Atatuluka, m'manja munalibe giya. Munali kaulusi.

Achimwene anali atakhala pa benchi chapatali, sanakaone. A Mhone anakaponya pafupi ndi phazi langa ngati akutaya chinyalala. Ndinakatola.

Unali ulusi wa ukonde, wodulidwa ndi mpeni, mfundo yake ikadali pomwepo. Inu amene munabadwira kumtunda mungati mfundo ndi mfundo. Ayi. Msodzi aliyense ali ndi dzanja lake. Malemu amuna anga pomangirira miyala ku ukonde ankapinda kawiri, kubwereranso m'mbuyo, kenaka n'kuwotcha nsonga ndi machesi kuti isamasuke. Anaphunzitsa mwana mmodzi yekha. Mfundo imene inali m'dzanja mwangayi inali yopinda kawiri, nsonga yake yakuda ndi moto.

Chingwe sichinaduke. Chinamasulidwa bwinobwino ndi zala za munthu, n'kumangiriridwa m'mwamba pa chitsulo kuti chisakhwekhwerezeke pansi. Wochita zimenezi ankaikonda galimotoyo. Ankangofuna kuti isamanene kumene yapita.

Achimwene anafunsa ali pa benchi pomwepo. "A Mhone, mwapeza chiyani?"

"Chingwe chinachoka m'malo mwake, ada."

"Chinachoka chokha?"

A Mhone anapukuta manja nthawi yaitali. Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. "Misewu yathuyi, ada, imagwedeza zambiri."

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Anatsuka nsonga ya chingwe ndi palafini chifukwa inali itadzaza matope ndi dzimbiri, kupaka girizi kawaya konse, kukabwezera m'chikopa chake, n'kumanga kumchira ndi kumutu. Anayenda nayo mpaka pa mphambano n'kubwerera, muvi ukukwera ndi kutsika ngati sunadwalepo. Achimwene anagunditsa mphuno pa wotchi nati, "Alihamudulilahi, yayambanso kulankhula." Anagwira Yusufu paphewa. "Wavutika mphwanga, miyezi iwiri kuyenda ngati wakhungu."

Mawu amenewo, kuchokera pakamwa pa munthu amene akuchitadi khungu, anandilowa ngati minga ya nsomba.

Pamene achimwene anapita kukaswali, ndinafunsa a Mhone motsitsa mawu ngati zimenezi anazionapo kale. Anaseka, koma kuseka kosatuluka mano. "Ama, sabata siitha. Galimoto za m'maofesi, za amalonda, za mipingo. Dalaivala akafuna kupanga matola a m'thumba mwake, amayamba wagoneka muvi. Kale analipo, koma ankanjenjemera pochita. Chiyambire matipate amabwera okha kudzandifunsa kuti chingwe chake ndi chiti."

Ndiye ndifunse inu owerenga, poti ndinu ophunzira. Masiku aja tinkayenda ndi kadi ya chipani pachifuwa, tikuopa ngakhale mthunzi wathu, kodi tinali anthu olungama kapena tinali amantha chabe? Ine ndinavota nawo, ndinavina nawo, ndipo masiku amenewo sindiwafunanso. Anatiuza kuti tsopano zonse zizichitikira poyera. Koma mantha atachotsedwa ngati chivundikiro, taonani zimene zinali mumphika. Wogula mpunga amabwera ndi sikelo imene anaigoneka kale kunyumba kwake. Wogulitsa naye amabwera ndi thumba limene pansi anathirako mchenga. Akakumana amapatsana moni wa ulemu, aliyense akudziwa. Amene tinawasankha aja nawo anamasula chingwe tsiku lomwe analandira galimoto, ndipo palibe akudziwa kumene amayenda. Dziko lonse likuthamanga muvi uli chigonere, ndipo tikuti zili bwino chifukwa injini ikulira.

Ndikanakonda kuima pamenepa, chala changa chikuloza anthu ena. Koma miyezi iwiri imeneyi m'nyumba mwanga munayamba kupezeka shuga. Apongozi anga aakazi, mkazi wa Yusufu, anavala chitenje chatsopano, ana anayamba kupita kusukulu atamwa tiyi. Ndinkadziwa zimene achimwene amamupatsa mwanayo, ndinkadziwa kuti sizingafike pa shuga. Sindinafunse. Ndinkangotakasa kapu yanga. Nanenso chingwe changa ndinali nditamasula.

Kuseri kwa chigayo, mpunga ukupunthidwa, ndinamuitana Yusufu n'kutambasula dzanja. Anayang'ana kaulusiko. Sanakane. Bola akanakana, ndikanadziwa kuti manyazi akadalipo.

"Amayi, ndimangofika pa Salima n'kubwerera. Galimoto sindiiwononga."

"Ndi ya amalume ako. Anakupatsa chifukwa ine ndinagwada."

"Ndiye mugwadenso, muwauze awonjezere. Mtengo wa sopo mukuudziwa? Aliyense akuchita zimenezi, amayi. Ine ndekha ndikhale shehe, ana anga azidya muvi?"

Ndinafunafuna mawu, ine amene anthu amati pakamwa panga sipauma. Ndinangoti, "Atate ako anakuphunzitsa mfundo imeneyi kuti uzidyera thukuta lako." Iye anati, "Atate anamwalira opanda nsapato." Ananyamula thumba langa la mpunga n'kukaliika m'galimoto mosamala, ngati mwana wabwino.

Akulu amati chibale ndi fupa, sichiwola. Sananene kuti fupalo likakutsamwa umatani. Ndikaulula, achimwene alanda makiyi, ndipo akhala akulondola. Adzukulu anga anayi abwerera ku phala lopanda kanthu, ndipo Yusufu sadzapondanso pakhomo panga. Ndikakhala chete, ndiye kuti mlongo wanga wa bere limodzi, amene anandiikira amuna anga m'manda, ndikumudya ali maso chifukwa masowo sakuona. Ndipo musandinamize kuti mwanayo wasiya. Chingwe chija chimamasuka ndi zala ziwiri. Tsopano waphunzira kuti azichibwezera asanafike kunyumba.

Pobwerera tinakhala atatu kutsogolo, ine pakati. Tinawoloka milatho yonse. Titafika pakhomo pawo, achimwene anatsika, n'kuzungulira galimoto akupapasa ndi dzanja mpaka anafika pa windo. Analankhula mofatsa, Yusufu akumva.

"Achemwali, inu munakhala pafupi ndi a Mhone, ndipo maso anu ndi abwino. Lachisanu ndikatuluka ku mzikiti ndidzadzera kwanu, mudzandiuze zimene munaona. Chimene mudzanene inu, ine ndidzakhulupirira chomwecho."

Lachisanu ndi mawa. Inu amene muli ndi mwana komanso mlongo, tandiuzani: mukanakhala ine, mukanapereka uti?