Nthungululu ya Agogo Nachisale

Agogo anga aamuna ndimawakumbukira ndi fungo la polishi wa nsapato losakanikirana ndi utsi wa kaliwo wawo, m'kanyumba kathu ka ku Tottenham komwe mawindo ankanjenjemera basi ikamadutsa. Anali nkhutukumve yeniyeni. Anathawa ku Malawi chifukwa cha ndale, koma mkangano umene ankaukonda kwambiri unali wa filimu ina yakalekale ya ku Amerika, ya anthu okondana amene amangoyamba kuimba ndi kuvina pakati pa msewu. Ankati iwo anafunsira agogo aakazi, a Nachisale, atangotuluka koonera filimuyo ku Limbe.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990, agogo aakazi anadwala sitiroko ndipo anasiya kulankhula. Munthu amene mawu ake ankamveka mpaka kunsi kwa masitepe ankangokhala duu pampando, ndipo madokotala sanalonjeze kanthu. Zinkandiwawa moti ndinkaopa kulowa m'chipinda mwawo.

Tsiku lina bambo anabwera ndi nyuzipepala. Filimu ija inkaonetsedwanso m'holo ina m'tauni, koma wolemba wina anali atainyoza kuti ndi shuga yekhayekha, nkhani yopanda mutu, yoyenera kuiwalika.

"Mwaona, Dad? Ma critics akuti ndi rubbish," anatero bambo akuseka. "Ndiye muvutitse amayi pa bus chifukwa cha zimenezi?"

"Wolembayo anafunsirapo ndani?" anayankha agogo, osasiya kupukuta nsapato. "Nachisale ndikupita naye."

Loweruka masana tinapitadi, ine nditanyamula bulangete, agogo akukankha njinga ya odwala uku akukalipira aliyense wotitsekera njira. M'holomo munali azungu okalamba ochepa, ali chete ngati pamaliro. Nyimbo zinkayamba n'kutha, agogo aakazi osagwedezeka n'komwe. Agogo aamuna sankaonera filimu, ankangoyang'ana nkhope ya mkazi wawo, chipewa atachifinya m'manja. Ndinayamba kuganiza kuti bambo ananena zoona.

Kumapeto, okondana aja anatuluka m'tchalitchi atakwatirana. Kwathu ukwati sudutsa mwakachetechete. Ndinangomva pambali panga nthungululu, yosasa, yokhotakhota, koma nthungululu ndithu! Anali agogo aakazi, dzanja lili pakamwa. Mayi wina kutsogolo anadzidzimuka n'kugwetsa chikwama, ndipo wantchito wa m'holomo anathamangira kwa ife ndi tochi poganiza kuti munthu akufa.

"Leave her!" anakuwa agogo aamuna, misozi ili chuchuchu. "Mkazi wanga ameneyu! Imbanso, Nachisale!"

Anaimbanso, ndipo holo yonse inaomba m'manja.

Tili m'basi pobwerera, agogo aamuna akufotokozera aliyense mokweza zimene zachitika, agogo aakazi anawakoka jekete n'kutulutsa movutikira mawu awo oyamba: "Inu... phokoso." Agogo aamuna anaseka mpaka kutsamwa.

Onse awiri anapita kalekale. Koma lero pa ukwati uliwonse, ngakhale wa azungu akuntchito kwathu, nthungululu yoyamba imakhala yanga, ndipo sindipepesa kwa aliyense.