Chipsera cha pa chala cha a Jailosi

"Amuna angawo munawaona liti inu? A Kinsley, ndikufunsa inu, musayang'ane kudenga! A Zakeyu tinawaika m'manda mu 2009, inu muli pomwepo, mutavala jekete lakuda, mpaka munalankhula pamaliro. Lero mukuti akhala akugwira ntchito pano mpaka mwezi wathawu? Amadzuka m'manda m'mamawa n'kubwerera akaweruka?"

Anali a Flossie amenewo, mkazi wamasiye wa a Zakeyu, ataima pakhonde la ofesi ya esiteti ina ya manachesi kuseri kwa Thambani, manja ali m'chiuno. Amene ankakalipiridwawo anali a Kinsley, kapitawo wa pa esitetipo. Pa benchi panali mlamu wa a Flossie, a Jailosi, mng'ono wa malemuwo, atangogwira chipewa pamaondo ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Chonsecho inali yawo.

Anthu ena amabadwa ndi pakamwa, ena ndi manja. A Jailosi anabadwa ndi manja. Kwawo ndi kwa Kanduku, kumapiri uko, ndipo sukulu anangoinunkhiza, kenako n'kuyamba kuweta mbuzi ndi kuotcha makala. Pa esitetipo sanalowere pakhomo ayi. Mkulu wawo a Zakeyu atayamba kudwala, iwo ankapita kukawagwirira ntchito ku nazale kuti malo asapite. Matenda atawatenga a Zakeyu, mawa la maliro, a Kinsley anawakokera a Jailosi pambali.

"Achimwene, ku Blantyre mabwana aletsa kulemba anthu atsopano. Tikanena kuti a Zakeyu atisiya, malowa afufuta, basi. Inu muzingoyankha dzina lawo. Ndani adziwe?"

Malemuwo anasiya ana atatu, wamng'ono akuyamwa. Mng'ono wa munthu sangaone ana a mkulu wake akugona ndi njala iye manja ali nawo. A Jailosi anavomera. Tinene kuti analakwitsa, chabwino, koma amene akanakana pa tsiku limenelo atukule mkono timuone.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse kapitawo akaitana kuti "Zakeyu!", a Jailosi ankayankha kuti "Ndilipo!" Zaka khumi ndi zisanu, abale inu. Munthu kumayankhira wakufa tsiku ndi tsiku, osadandaula.

Ndiye ntchito yawoyo mukanaiona! Ankamezanitsa mitengo. Amatenga kamtengo ka ndimu kolimba mizu, n'kukacheka khungwa pang'ono, kenako n'kusenda diso la nachesi, kamphukira kaja, pa nthambi yabwino, n'kulilowetsa mmenemo, n'kumanga ndi kansalu ka pulasitiki. Pofotokoza zimamveka zophweka. Kayeseni nokha. Ena akamezanitsa mbande khumi zimagwira zinayi, mwina zisanu Mulungu akawakomera mtima. A Jailosi akadutsa mzere wa machubu zana, mumachita kufunafuna ndi maso kamene kafa. Mpeni wawo unali wakale, chigwiriro chomanga ndi mphira ya njinga, koma ukalowa m'khungwa sumatha kuona pamene wadutsa. Ankadziwa pongogwira tsinde kuti lero khungwa livomera kapena likana. Akati lero ayi, ngakhale bwana anene chiyani, samacheka.

Alimi ankachoka kwa Nthache pa njinga, ena tsidya la Mozambique wapansi, kudzangoima kumbuyo kwawo n'kumaonerera. Anyamata a madipuloma awo a zaulimi ankabwera ndi makope, n'kubwerera atatseka makopewo. Nachesi lotsekemera lija mumagula pamsewu mukamadutsa ku Mwanza, losenda ndi chala chimodzi, musadabwe mutamva kuti mtengo wake unadutsa m'manja amenewa.

Chaka chatha esiteti ija inagulitsidwa. Eni ake atsopano anati anthu achuluka, ndipo makumi anayi anauzidwa kuti ntchito yatha. A Jailosi anali m'gulumo. Sanalire. Anali atamva kuti bungwe lina likutsegula nazale kwa Kanduku, pafupi ndi kwawo, ndipo likufuna wodziwa kumezanitsa. Chofunika chinali chimodzi: kalata ya komwe munthu wachokera yonena kuti anagwirako ntchito zaka zingati, dzina lake logwirizana ndi la pa chitupa. Kalata anapatsidwa, monga mmene lamulo limanenera. Atafika nayo ku bungwe kuja, mlembi anayang'ana kalatayo, n'kuyang'ana chitupa, n'kuwabwezera zonse ziwiri.

"Bambo, kalatayi ndi ya a Zakeyu. Inu ndinu a Jailosi. Auzeni eni akewo abwere okha. Tikutseka Lachisanu."

N'chifukwa chake Lachitatu limenelo anali pa benchi paja. Linali tsiku limene mayi wina wochokera ku ofesi ya zantchito ku boma anabwera kudzaona ngati anthu anachotsedwa motsata lamulo. Mayiyo anakhala patebulo pakhonde pomwepo, akumvetsera, ochotsedwa anzawo ataunjikana pabwalo.

A Kinsley, amene eni atsopano anawasiya pa udindo wawo, anapukuta thukuta n'kuyankha mwaulemu wonyenga. "Madamu, m'buku mwathu mulibe Jailosi. Awa ankabwera mwa apo ndi apo, ganyu chabe. Za imfa ya a Zakeyu, ofesi sinalandire kalata iliyonse."

"Ganyu!" anakuwa a Flossie. "Ganyu ya zaka fifitini? Alamu, mwamva? Bambo awa mutu wayera koma bodza silikuyera!"

Anthu pabwalo anaseka, koma a Jailosi sanaseke. A Kinsley anawerama n'kuwanong'oneza, komabe aliyense anamva: "Achimwene, tisavutane. Tengani kalata mmene ililimu, kumeneko mukangoti ndinu a Zakeyu, chitupa chinasochera. Simunazolowere kale?"

Mayi wa ku boma uja anagogoda patebulo ndi cholembera. "Bambo Jailosi, ine sindingakakamize kampani kulemba dzina lanu popanda umboni. Muli ndi chiyani chosonyeza kuti munagwira ntchito pano?"

"Mitengo yonseyo!" a Flossie analoza kumunda. "Yonseyo ndi manja awo!"

"Mayi, mitengo sindingaiike mu failo."

Apa mpamene a Jailosi anaika chipewa pa benchi n'kuimirira. Anthu amene anagwira nawo ntchito zaka zonsezo akuti anali asanawamvepo akulankhula mawu opitirira asanu nthawi imodzi.

"Madamu, ine kulemba sinditha. Loweruka lililonse tinkadinda chala m'buku la mayina. Mabuku akalewo ali pamwamba pa kabati m'katimo, m'thumba la feteleza. Ndinawaikamo ndine, chiswe chitayamba kuwadya."

A Kinsley anati kiyi wa m'katimo wasowa. Mlonda, amene nayenso anali pa mndandanda wa ochotsedwa, anati chitsekocho chilibe loko chiyambire. Mlondayo analowa n'kutuluka ndi thumba lija, n'kulikhuthulira patebulo, fumbi kobo.

"Tsegulani la 2012," anatero a Jailosi. "Mwezi wa Juni, nthawi yozizira."

Mayi uja anatsegula. Pa mzere wa dzina la Zakeyu panali zidindo za chala chachikulu, sabata ndi sabata, zozungulira bwinobwino. Kenako masabata awiri panadindidwa chala china, chaching'ono. Pambuyo pake chala chachikulu chija chinabwerera, koma tsopano chili ndi kamzere koyera kodutsa pakati, kopendekeka, pamene inki sinagwire.

A Jailosi anatambasula dzanja lawo lamanja patebulo. Pa chala chachikulu panali chipsera chopendekeka chimodzimodzi. M'moyo wawo wonse mpeni unawaterereka kamodzi kokha, m'mawa wina manja atauma ndi chisanu, ndipo unasiya chizindikiro chimenecho.

Mayiyo anatulutsa inki m'chikwama chake. A Jailosi anadinda papepala loyera. Analiika pambali pa buku la 2012, kenako la 2015, la 2019, mpaka lomaliza. Kamzere komweko. Tsamba ndi tsamba, chaka ndi chaka, osajomba ngakhale Loweruka limodzi, kupatula sabata imene anakwatitsa mwana woyamba wa a Zakeyu.  A Flossie misozi inayamba kutsika.

"Munthu amene anaikidwa m'manda mu 2009 sangadzicheke chala mu 2012," anatero mayi uja motsitsa mawu. "Kalata ilembedwa lero, m'dzina la a Jailosi, zaka zonse. Ndidikira pompano."

A Kinsley anatembenuka mwachangu kuti alowe mu ofesi, ngati munthu amene wapeza pothawira. A Jailosi anawatsekera pakhomo. Sanawagwire, anangoima, chala cha inki chija chili m'mwamba.

"Taimani kaye, a kapitawo. Kalatayo mulemba, ndamva. Koma zaka khumi ndi zisanu mwakhala mukundiitana dzina la mkulu wanga, ine n'kumavomera chifukwa munandiuza ndinu. Lero mwaimirira pamaso pa alamu anga n'kunena kuti simundidziwa. Muwauze anthuwa, muwauze madamuwa alembe: ndani anati ndiziyankha dzina la wakufa? Ndipo ine ndine ndani? Tchulani dzina langa, a Kinsley. Sindichoka pakhomo pano mpaka muyankhe."