Sokosi ya Phulusa ya Alamu Anga

Alamu anga ndi mlonda wa nkhalango, ndipo sopo wonunkhira salowa m'nyumba mwawo. Amati nyama zimamva fungo lake munthu akadali kutali. M'thumba la yunifolomu amayenda ndi sokosi yakale yodzaza phulusa. Akazi awo, omwe ndi achemwali anga, ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti, "Ine ndili pamitala, mkazi mnzanga ndi tchire."

Loweruka lina alamu ankakaphunzitsa alimi a m'mphepete mwa nkhalango za njovu zomwe zimawadyera mbewu, ndipo ine ndi achemwali tinawatsatira. Ndinkayembekezera zokamba zambirimbiri, koma iwo anangogwedeza sokosi ija. Phulusa litauluka, anaona komwe mphepo ikulowera, n'kutikhazika kuseri kwa chulu.

"Tikhale chete mpaka tchire litiiwale," anatero.

Ine pakamwa panga sipatsekeka, koma tsikulo ndinapirira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako mbalame zinayambanso kulira. Nditadzutsa mutu, njovu inali poteropo ndi mwana wake. Chinyama chachikulu ngati nyumba, koma osathyola ngakhale kamtengo! Inaima, n'kukankhira mwanayo kunsi kwa mimba ndi chitamba, n'kudutsa mwakachetechete. Bambo wina amene anabwera akulalata za munda wake anavula chipewa.

Kenako tinayamba ulendo wobwerera. Tili pafupi ndi msewu, achemwali anandigwira dzanja, misozi ili lengelenge.

"Mkazi mnzanga uja ndamuona," anandinong'oneza. "Alamu akowa amandikondadi. Ndikanakhala ine, kunyumba sindikanabwerako."