Tiyi wa Pachilumba

Lero posesa m'nyumba ndapeza ketulo yathu yakale, ikununkhabe utsi, ndipo ndaseka ndekha.

Ndinali mu Sitandade 4. Bambo ankayendetsa galimoto pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndiye pa Pasaka anabwereka Landirova kwa abwana awo n'kutitengera ku Mozambiki, kwawo kwa makolo athu. Tinawoloka mlatho wautali wopapatiza, n'kukhoma tenti pachilumba, pansi pa mitengo ya kokonati.

M'mawa mwake kunabwera msodzi wachikulire kudzatilonjera. Bambo atamva kuti chilankhulo chake chikufanana ndi Chilomwe chathu, anasangalala koopsa.

"Khalani pansi, achimwene, mulawe tiyi weniweni. Masambawa anathyola ndi mayi awa!"

Anandituma madzi. Chigubu chinali kutali, m'galimoto, chonsecho madzi anali mbwee pamaso pangapa, oyera kuposa a pampopi wa kulayini kwathu ku esiteti. Ndinatunga pomwepo.

Mayi anathira shuga mosaumira, n'kupereka kapu atagwada. Mlendoyo anapsontha, anatsinzina, n'kumeza mwaulemu.

"Mwaumva bwanji?" anafunsa bambo, atatulutsa chifuwa.

"Ngwamphamvu ndithu," anatero mlendoyo, n'kupsonthanso.

Bambo anakoka wawo mwamphamvu, nthawi yomweyo anaulavulira pamchenga, maso ali psuu.

"Iwe mtsikana! Madziwa watunga kuti?"

Ndinaloza nyanja, osadziwa kuti madzi a m'nyanja ya kumeneko ngamchere.

Mkulu uja anaseka mpaka kugwa chagada, misozi ili chuchuchu, kapu ili m'mwamba kuopa kutaya. Atapeza mpweya anati, "Pepani, achimwene. Ine ndimati ku Thyolo mumamwa chonchi!"