Tsiku Limene Ndinatsuka Sidi ya Amalume

Kabokosi kake kanali kapulasitiki, kong'aluka pakona imodzi. Pamwamba panali chithunzi cha mzungu wovala suti yakuda, atagwira kamfuti pafupi ndi tsaya ngati akufuna kudzikanda nako. Kumbuyo kwake kunali moto, ndege, ndi akazi awiri amene mayi anati asowa wowagulira chitenje. Ukatsegula, mkatimo munali sidi. Ndinali ndisanaonepo chinthu chotero. Ukaipendeketsa padzuwa inkatulutsa mitundu ya utawaleza, ndipo ukadziyang'anirapo nkhope yako inkaoneka ili ndi bowo pamphuno. Amalume ankaisunga m'thumba la mkati mwa chikwama chawo, ataikulunga m'sokosi yoyera imene inkanunkhirabe sopo wa ku Joni.

Anabwera nayo m'nyengo yozizira, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Kwathu kwa Kawinga munthu wochokera ku Joni ankadziwika ali patali: njinga pamwamba pa galimoto, mabulangete okhuthala, wailesi yaikulu, mwinanso malata. Amalume anatsika pa matola ndi chikwama chimodzi, atavala jekete limene linkawakulira m'mapewa. Mayi, amene ndi mlongo wawo, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafunsa za katundu. Anangoti, "Mwafika, achimwene," n'kupita kukatereka madzi osamba. Za katunduzo anawafunsira ndi anthu ena.

Inali nyengo ya nandolo. Mphepo ya mwera inkawomba kuyambira m'mawa, milomo n'kumang'aluka, miyendo n'kumatuwa ngati wagona paphulusa. Amalume sankapita kumunda. Ankakhala pamkeka kumbali ya nyumba kumene dzuwa linkafika msanga, atadzifunda jekete lija, akutsokomola. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala nawo pomwepo, tikusenda nandolo mpaka zala kuda ndi kumata. Mayi akanena za chipatala, iwo ankakupiza dzanja. "Iyayi, achemwali, ndi chimfine cha ku Joni ichi. Chitha chokha."

Ndi pamkekapo pamene anandifotokozera za sidi ija. Ku Joni ankasesa m'shopu ya munthu wokonza makompyuta. Nthawi ya nkhomaliro, anzawo akamapita kukagula buledi, iwo ankakhala pa kompyuta ina yakale ya pakona, ndipo bwana wawo, ataona kuti akonda, anawaphunzitsa pogwira. Pochoka anawapatsa sidiyo.

"Muno mulibe filimu," ankatero. "Muli buku. Koma buku lake limalankhula."

Linali buku la mafilimu onse a kazitape wina wa ku Mangalande. Mafilimuwo anayamba mayi ali khanda ndipo ankapangidwabe, chifukwa wosewera akakalamba ankangoikapo wina, dzina n'kukhala lomwelo. M'bukumo munalembedwa chilichonse: galimoto iliyonse imene kazitapeyo anayendetsa, adani ake onse ndi nkhope zawo, mayiko amene anapita, nyimbo zoyambira filimu. Ukadina pa chithunzi, mawu ankayamba kufotokoza, kenako kachidutswa ka filimu n'kuyenda pakona. Munalinso mafunso oyesa ngati wamvetsa, ndipo amalume ankati anafika powakhoza onse. Anandiuza za galimoto imene inkalowa m'nyanja n'kumayenda pansi pa madzi, za wotchi yodula chitsulo, za cholembera chimene ukachidina katatu uthawe. Akamafotokoza, chifuwa chinkawaiwala. Manja awo owonda aja ankauluka, nandolo n'kumwazika pamkeka, ine n'kumatola ndili kukamwa yasa.

Vuto linali lakuti nkhani zomwezi anakazinenanso pabawo, pansi pa mtengo wa mango wa pafupi ndi mzikiti, pamene abambo ankasonkhana Lachisanu akatuluka ku swala. Pomwepo anapatsidwa dzina. Akangotulukira, wina ankati, "Akazitape afika, bisani zinsinsi." Wina anawauza pamaso kuti anzawo abwera ndi malata, iwo abwera ndi kagalasi kabowo. Amalume ankaseka nawo, koma akafika kunyumba ankagona atayang'ana kukhoma. Zaka zisanu ndi chimodzi za ku Joni zinali m'sokosi ija, ndipo panalibe njira yozionetsera. Sankafuna kuti mudzi wonse uwakhulupirire. Ankafuna munthu mmodzi yekha aone ndi maso ake, abwere adzanene pabawo kuti si bodza.

Lero ndimalembera anthu makalata pa kompyuta ku Liwonde, ndipo zonse zimene amalume ankanena mwana aliyense angazipeze pafoni asanamalize kutafuna chimanga. Ndikakumbukira abambo a pabawo aja mtima umandiwawabe. Sindinena kuti anali oipa. Ankaona bwinobwino mmene jekete lija linkakulirakulira, ndipo kuseka za sidi kunali kosavuta kuposa kufunsa za zimenezo. Koma kuwakhululukira kwenikweni sindinathe.

Aphunzitsi athu anali a ku Utale, Mkatolika wamtali wosakonda zolankhulalankhula. Masana ena anafika kwathu, anapereka moni kwa amalume, kenako anakaima ndi mayi kuseri kwa nkhokwe nthawi yaitali, akulankhula motsitsa. Atabwerera pamkeka ananena kuti ali ndi mnzawo wogwira ntchito pa ofesi ina ya mishoni ku Balaka, ndipo pa ofesipo pali kompyuta yolandira sidi. Anati iwonso akufuna kukaona nawo galimoto yoyenda pansi pa madziyo.

Amalume anadzuka n'kukhala tsonga. Ndinali ndisanawaonepo akudzuka msanga chotero. Anati, "Mwanayu apite nawo."

Ndinadikira kuti mayi akane, chifukwa mayi sankayenda ulendo wopanda maliro kapena chigayo. Koma anangoti, "Tipita Lachiwiri. Poti ndi ku Balaka komweko, tidzangodzera kuchipatala akakumvereni pachifuwapo." Amalume anavomera osaganizira n'komwe. Ine mawu akuti chipatalawo anangondidutsa m'khutu.

Lolemba masana amalume anandilola kugwira sidi ija ndekha koyamba. Tinali titangodya matemba, ndipo ndinasamba m'manja mothamanga. Iwo atagona tulo pamkeka, ndinayang'ana sidi ija n'kuona zidindo za zala zanga paliponse, zamafuta, pamwamba pa utawaleza. Mayi anandilera ndi lamulo limodzi: chinthu chopita nacho kwa anthu chiziwala. Poto wopita naye kusadaka tinkamukwecha mpaka udzionere nkhope. Ndiye sidi ya amalume ikafike ku ofesi ya ku Balaka ikununkha matemba?

Ndinachita zimene ndinkadziwa. Ndinatapa phulusa pamafuwa, ndinatenga mchenga wosalala ndi khoko la chimanga, n'kupita kuseri kwa bafa ndi kapu ya madzi. Ndinaikwecha mozungulira, mbali zonse ziwiri, mosamala, lilime lili panja. Nditaitsukuluza ndinaona kuti utawaleza uja wachita chifunga. Sindinachite mantha kwambiri. Ndinatenga mafuta odzola a mayi, ndinapakapo pang'ono, n'kupukuta ndi m'mphepete mwa diresi mpaka inayambanso kunyezimira. Ndinaibwezera m'kabokosi, kabokosi m'sokosi. Ndinadziona ngati mwana wanzeru kwambiri kwa Kawinga konse.

Tinakwera minibasi pa Ntaja kukuzizira. Amalume anavala shati yoyera, mayi anawaikira chitenje pampando kuti mafupa asawawe. Njira yonse chikwama chinali pamiyendo pawo. Powoloka Shire pa Liwonde amalume anandigwira paphewa n'kuloza madzi: "Galimoto ija ikanangolowa apa, n'kukatulukira tsidya ilo."

Ku Balaka tinayambira kuchipatala. Mayi ndi amalume analowa, ine ndinatsala panja ndi aphunzitsi pansi pa mtengo. Anandigulira zitumbuwa ziwiri. Dzuwa linakwera, mthunzi unasuntha, ifenso tinasuntha nawo kawiri. Ndinkangofunsa ngati ofesi ija siitsekedwa, aphunzitsi n'kumati, "Dikira," maso ali kukhomo la chipatala. Pamene ankatuluka, amalume anali patsogolo, akupinda kapepala n'kukaika m'thumba la shati. Mayi anali pambuyo, akumasula mpango wa kumutu ndi kuumanganso, kuumasula ndi kuumanganso.

"Tiyeni tizipita kunyumba, achimwene," anatero mayi.

"Iyayi. Mwanayu ndinamulonjeza."

Pa ofesi paja mayi sanalowe. Anakhala pakhonde, anati mutu ukuwawawa. Mkatimo munkanunkhira polishi wa pansi ndi mapepala. Kompyuta inali patebulo, atayifunditsa nsalu yoluka ngati ya pa wailesi. Mnzawo wa aphunzitsi anavundukula, anadina, chinthucho n'kuyamba kulira chapansipansi. Katebulo kakang'ono kanatuluka kokha m'mimba mwake, ine n'kubwerera m'mbuyo, onse n'kuseka. Amalume anatulutsa sokosi ija ndi manja awiri.

Sidi inalowa. Tinamva ikuzungulira, kuima, kuzunguliranso. Palibe chinaoneka. Bambo uja anaitulutsa, anaibwezeramo, tinadikiranso. Kachitatu anaitembenuza n'kuiyang'ana chakuwindo.

"Aa, iyi yatha ntchito. Yapalika yonse. Anaikwecha ndani?"

Amalume anailandira. Anaipendeketsa, anayendetsa chala pamizere ija yozungulira bwinobwino ngati ya pansi pa poto, kenako anainunkhiza. Fungo la mafuta a mayi ankalidziwa. Anandiyang'ana kamodzi kokha, osati pankhope, koma m'manja, ndipo ine ndinabisa manjawo kumbuyo.

"Ndine," anatero. "Ndinkaipukuta ndi shati masiku onse. Fumbi la kwathu ndi loipa."

Aphunzitsi anayang'ana pansi. Iwo ndi amene akanakanena pabawo, ndipo tsopano analibe choti akanene. Bambo uja anayamba kupepesa, koma amalume anapempha kuti akhale pampando pang'ono. Anakhala, anandikokera pafupi, anatenga dzanja langa n'kuliika pa kachipangizo kodinira, lawo lili pamwamba. Linali lotentha ngati mbatata yochokera pamoto. Tinayendetsa kamuvi pagalasi lopanda kanthu.

"Apa pamakhala magalimoto," anatero. "Ukadina apa, adani. Apa nyimbo. Dina." Ndinadina. "Eya. Ndiye kuti yayamba."

Anang'ung'udza nyimbo ija pang'ono mpaka chifuwa chinawadula. Bambo wa mu ofesi anatuluka kukawatungira madzi, ndipo anachedwa dala.

Amalume anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Abambo a pabawo omwe aja ndi amene ananyamula jeneza, chithatha cha maliro, ndipo dzina lija sanalitchulenso, koma panalibe amene ananena kuti nkhani zawo zinali zoona. Patapita zaka mayi anandiuza kuti ulendo wonse uja unali wa chipatala. Anagwirizana ndi aphunzitsi kuseri kwa nkhokwe, ataona kuti palibe china chingawakweze amalume minibasi. Tsiku limenelo anauzidwa za matenda aja amene nthawi imeneyo anthu sankawatchula dzina, ndipo mankhwala ake anali asanafike kwa anthu ngati ife. Achipatala anauza amalume kuti akapume kunyumba, azidya bwino.

Koma tsikulo ine sindinkadziwa zimenezi. Nditatuluka mu ofesi ndinapeza mayi pakhonde atatsamira chipilala, misozi ikutsika yokha, osalira mokweza, osaipukuta. Ndinali ndisanawaonepo akulira popanda maliro. Ndinaganiza kuti amva zonse kudzera pawindo. Ndinagwada pambali pawo.

"Amayi, ndine. Si amalume ayi. Ndinaitsuka ndi phulusa."

Anandiyang'ana ngati ndikulankhula chilankhulo chachilendo. "Watsuka chiyani?"

"Sidi."

Kenako anandikoka n'kukanikiza mutu wanga pachifuwa pawo mwamphamvu mpaka khutu kuwawa. Ndinachita chisoni kuti ndawalizitsa chotero, ndipo ndinafunafuna mawu owatonthoza nawo.

"Musalire, amayi," ndinatero ndili m'chitenje mwawo. "Amalume akachira akabwerera ku Joni, akagula ina. Imeneyo sindidzaigwira."

Pamenepo ndi pamene mayi analira mokweza, mpaka amayi ena odutsa pamsewu anaima. Ine ndinangodabwa kuti mawu abwinobwino ngati amenewo awonjezera bwanji kulira.