Sitinachoke dzenje lisanakwiriridwe

Lachisanu, tsiku loika maliro a malume, ndinadzuka 4 koloko m'mawa, kunja kudakali mdima. Pabalaza pa malume ku Springburn, kuno kudziko la azungu, anthu a kumpingo anali chigonere pansi atafunda majekete. Kukhitchini amayi awiri anali atayamba kale kuphika mpunga. Moto wapanja sitinakoleze, kuno saloleza.

Malume anandisiyira mawu amodzi, ine mphwawo: pamanda pasachoke munthu dzenje lisanakwiriridwe.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Iwo anakulira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo m'nthawi ya thangata. Chaka chimene anthu anakana kulimira azungu n'kuyamba kutseka misewu pogwetsa mitengo, kunamveka mphekesera zoti asilikali akubwera kudzatentha nyumba. Sabata yomweyo bambo awo anamwalira ndi chifuwa. Mtembo utangotsitsidwa, wina anakuwa kuti kukubwera lole. Mudzi wonse unathawira kuphiri, adzukulu nawo anataya makasu. Anabwerako patatha masiku atatu. Lole ija inali yonyamula nkhuni. Zimene anapeza pamanda, malume sanazinenepo.

Cha m'ma 10 anthu anachuluka, ena ochokera ku Govanhill, dera lina la mzinda womwewu, ena ophunzira a ku yunivesite. Mvula inayamba tikutuluka m'tchalitchi. Kumanda tinatsitsa bokosi monga amachitira kuno, wachibale aliyense chingwe chake. Abusa atapemphera, wantchito wa pamandapo anatiuza mwaulemu kuti tizipita, akwirira ndi makina tikachoka.

Ndinapempha fosholo. Anati malamulo salola. Mwana wamkazi wa malume anandigwira dzanja.

"Asuweni, anthu azizidwa, ndiponso chakudya chikudikira kuholo."

Ndinamuuza kuti atsogole nawo. Ambiri anapita. Tinatsala amuna anayi ndi mayi wina wachikulire wa mvano amene sindinkamudziwa. Wantchito uja anaimba foni, anadikira yankho, kenako anatiimika patali pang'ono n'kuliza makina ife tikuona. Sizinachedwe. Mayi uja ankaimba yekha chapansipansi. Dzenje litakwiririka, wantchito uja anatsika pamakinapo, anasalaza dothi ndi fosholo, kenako anandipatsa fosholoyo. Ndinasalaza chakumutu.

Madzulo m'nyumba munali zii. Pakhomo panali nsapato zamatope ndi maambulera awiri oiwalika.

M'mawa mwake ndinaimbira foni amayi anga ku Thyolo, mlongo wake wa malume, amene anathawa nawo tsiku lija. Za mwambo sanafunse.

"Unaona wekha akukwirira?"

"Ndinaona, amayi."

Kenako anafunsa ngati ndadya.