Chaka Chimene Maso Anga Anaimbitsa Amuna Anga Mlandu

Ine ntchito yanga ndi mpunga. Ndimagula kwa alimi a kudambo, kupunthitsa, kupeta, kenako kukakhala nawo m'mbali mwa msewu pa Songani. Chilimwe cha chaka chimenecho fumbi la magalimoto ndi mankhusu a mpunga zinandipangira upo. M'maso munkangokhala ngati wina wathiramo mchenga, ndipo dzuwa likafika pamutu, mutu nawo unkayamba kugunda kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo. Chodabwitsa n'chakuti misozi inkangotsika yokha, ine osalira ayi.

Mankhwala a mutu a pagolosale ndinamwa mpaka kutopa nawo. Mnzanga wogulitsa tomato anati ndidonthezemo madzi a shuga. Ndinayesa kamodzi, zimene zinakondwa ndi ntchentche.

Koma nkhani inakulira kutchalitchi. Malo anga ndi apazenera, ndiye kamphepo kakangowomba, misozi chuchuchu, nyimbo ili m'kati. Masabata atatu otsatizana! Nthawi yomweyo dzina la amuna anga linali litatchulidwa kuti akhale mkulu wa mpingo. Iwowa ndi kalipentala, munthu wosalankhulalankhula, ndipo mabenchi ambiri m'tchalitchimo anakhoma ndi iwo. Sankanena kanthu, koma udindowo ankaufuna ndi mtima wonse. Zaka zonsezi m'banja, ndingalephere kuwadziwa?

Lachinayi lina ndinangomva odi. Amayi anayi a mpingo, patsogolo amayi apampando, gogo wamtali amene akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo ako. Tinakhala pamkeka, gogoyo n'kundigwira dzanja.

"Mayi, masukani. Abambo akukumenyani?"

Ndinaphulika kuseka, misozi nayo n'kutsika. Apo ndiye ndinaonongeratu zinthu.

"Ndi maso awa, amayi!"

"Ee, mkazi wabwino amabisa," anatero, anzawo akugwedeza mitu mwachisoni.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo, iwo n'kumangoyang'anana kuti mwaonatu, munthuyu wasunga zambiri. Lamulungu lotsatira tinamva kuti dzina la amuna anga layamba laima, mpaka za kunyumba kwawo zimveke bwino. Zinandipweteka kuposa masowo.

Lolemba m'mawa ndinasiya mpunga, ndinakwera minibasi wa ku Zomba, kuchipatala cha maso. Adokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Anandiunika ndi kanyali, anandifunsa za ntchito yanga, kenako anati, "Amayi, maso anuwa ndi ouma."

"Ouma? Mwananga, simukuuona mtsinje wa Domasi ukuyenda m'masayamu?"

Anaseka, n'kundifotokozera bwinobwino. Akuti misozi yeniyeni imakhala ndi timafuta toteteza diso. Timafutato tikachepa, diso limauma ndi kuyabwa, ndiye limangotulutsa madzi opanda ntchito. Mutuwo akuti mwina unkabwera chifukwa chotsinzinira tsiku lonse. Anandipatsa mankhwala odontheza, nati ndizithowa zikope ndi kansalu ka madzi ofunda, ndizivala magalasi popeta ndi pamsewu, ndipo shuga ndizithira mu tiyi basi.

"Zimenezo mulembe m'buku langa la kuchipatala," ndinatero. "Zilembo zikuluzikulu, ndi chidindo chomwe. Kuli anthu akuti akawerenge."

Lachinayi ndinapita nalo kumsonkhano wa amayi, nditavala magalasi akuda ngati woyendetsa njinga yamoto. Amayi apampando anawerenga kawiri, anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ayi ndithu, tamulakwira mwana wa eni ake," anatero. Tsiku lomwelo anapita okha kwa abusa, ndipo Loweruka anabwera kunyumba ndi tambala kudzapepesa. Pomwe sabata ziwiri zimatha, mchenga uja unali utachoka m'maso, mutu utaleka, dzina la amuna anga litabwerera pamalo pake.

Mankhwala odonthezawo ine pandekha ndimaphonya, amathera pamphuno, ndiye amandithira ndi amuna anga. Tsiku lina masana ndinakhala pakhonde nditagadamitsa mutu, iwo atagwira kabotolo m'manja mwawo monunkhira matabwa. Anadontheza diso limodzi, n'kuima.

"Mayi, ndifunse nawo. Masiku onse aja, palibedi chimene ndinakulakwirani?"

"Inunso, bambo?"

"Anthu anayi akanena, umayamba kudzifufuza. Ndinkangoti mwina pali chinachake, inu mukundisungira ulemu."

Kani mwezi wonse munthu ankadziimba yekha mlandu m'shedi mwake, akupala matabwa, osandiuza! Ndinawagwira mkono, ndinawauza kuti akadandilakwira, mudzi wonse wa Malemia ukadamva tsiku lomwelo, ndipo iwo akadayamba kumva. Anaseka mpaka dontho la diso lachiwiri linagwera pakhutu.